A Toktobek ndi Khutu la Nkhosa

A Toktobek anadya makutu a nkhosa kwa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe linawakomera.

Kwathu kuno ku Kochkor, nkhosa ikaphedwa pa tsiku lalikulu, mutu wake timauwaula, kuupala, kuuphika, kenaka n'kuuika m'mbale yakeyake patsogolo pa mwamuna wamkulu kuposa onse. Iyeyo ndiye amaucheka ndi kuugawa. Koma pali lamulo limodzi lomwe ngakhale chidakwa sichiliphwanya: munthu amene bambo ake akali moyo sagwira mutu. Kaya ali ndi imvi, kaya ndi bwana wa boma, mbale ikamufika amaipereka kwa wina. Tsono bambo awo a Toktobek, a Mambet, anakhala ndi moyo zaka 97.

Chaka chilichonse pa Idi ya nsembe, imene ife timaitcha Kurman Ait, a Mambet ankakhala pamalo aulemu, kutali ndi chitseko, mwana wawo wamkuluyu ali kumanzere kwawo. Ankatulutsa kampeni ka chigwiriro cha nyanga, kudula khutu lakumanja, n'kuliponya m'mbale ya a Toktobek.

"Nali khutu, uzimva."

Khutu lakumanzere linkapita kwa mng'ono wawo, a Turat, ndi mawu omwewo. Nkhalambayo inayamba kunena zimenezi a Toktobek asanayambe sukulu. Inazinenanso atabwera kuchokera ku usilikali, inazinenanso atakwatira, ndipo inazinenabe iwo ali ndi zidzukulu, dazi likung'anima, mano awiri akutsogolo ali achitsulo. Amene sanalilawe khutu la nkhosa asapusitsidwe, si nyama ayi. Ndi chikopa chokutira kafupa kofewa. Umatafuna mpaka nsagwada kutopa, kenaka umangomeza kuti zithe.

Choseketsa n'choti m'chigwa chonsechi panalibe munthu amene anagwira mitu ya nkhosa yambiri kuposa a Toktobek. Ntchito yawo inali yobaya ziweto jakisoni ndi kuzimwetsa mankhwala. Anayambira pa famu ya boma. Famuyo itatha ankayenda okha khola ndi khola, poyamba pa kavalo, pambuyo pake pa kagalimoto kakale komwe sikankalira popanda kukankha. Ankapana mutu wa nkhosa pakati pa mawondo, kuiyasamitsa, kuyang'ana mano, n'kunena zaka zake osaphonya. Anthu ankawatcha adokotala ndipo ankawavulira zipewa. Koma mutu womwewo ukangopsa, adokotala ankabwerera kukhala mwana wa a Mambet.

Chakudya cha Ait chinasintha iwo akuona. Ali mwana, m'masiku aja boma silinkafuna kumva za mapemphero, nkhosa inkaphedwa m'khola chitseko chili chotseka, ndipo wofunsa ankauzidwa kuti inathyoka mwendo. Nkhosa za m'mudzi monse zinkathyoka miyendo tsiku limodzi, ndipo wapampando wa famu, amene ankalandira nthiti zake madzulo, sankadabwa nazo. Pansalu yoyala pansi pankakhala timandasi, tiyi ndi nyama basi. Ankayamba ndi msuzi, mafupa n'kugawidwa monga mwa ukulu wa anthu, kenaka beshbarmak, nyama yodulidwa bwinobwino yosakaniza ndi timizere ta ufa wa tirigu tomwe amayi awo ankakanda ndi kucheka okha. Aliyense ankadya ndi manja.

A Toktobek atakwatira a Kalicha, mwana wa kutauni, kunabwera saladi ya mbatatesi yothira mayonezi. A Mambet anaiyang'ana ndi diso loipa zaka ziwiri. Chaka chachitatu anailawa, chachinayi anafunsa chifukwa chake yachepa. Mwana wawo wamwamuna a Toktobek, Ermek, atapita kusukulu ku Bishkek, likulu la dziko lathu, anayamba kubwera ndi ntchafu za nkhuku zouma ndi chisanu. Kenaka kunabwera keke. Kenaka mafoloko. Ermek atakwatira Gulbara, mpongoziyo anafika ndi timizere ta m'paketi, ndipo a Kalicha anamunena mlungu wathunthu. Msana utayamba kuwavuta, iwonso anayamba kugula tomweto, mapaketi ake n'kumawotcha m'mbaula alendo asanafike. Zidzukulu nazo zinkatsika m'galimoto zitakumbatira mabokosi a pitsa yozizira, ngati kuti kwa agogo kuli njala.

Mutu wokha ndi umene sunasinthe, pamodzi ndi mwini wake.

Tinene zoona, a Toktobek ankaulakalaka mutuwo ngati mwana wolakalaka njinga ya mnzake. Sichinali chifukwa cha nyama yake. Ankafuna kuti tsiku lina mbaleyo idzaime patsogolo pawo osapitirira, ana onse atakhala chete, akudikira kuona amene alandire chiyani. Kagawidwe kake ankakadziwa pamtima: poyambira kucheka tsaya, diso loligawa pakati n'kupatsa anthu awiri kuti azionana, kanyama ka kumwamba kwa m'kamwa kopatsa mpongozi kuti manja ake akhale aluso. Koma chilakolako chotere sichitchulidwa, chifukwa kunena kuti ukufuna mutu n'chimodzimodzi kunena kuti bambo ako akuchedwa. Ndipo bambo awowo ankawakonda. Zaka zisanu zomaliza ankawameta okha, kuwasambitsa, ndi kuwanyamula kupita nawo padzuwa.

Amene ankadziwa powabaya anali a Turat, omwe anakalambira pa chiwongolero cha lole ndipo pakamwa pawo panalibe mabuleki.

"Achimwene, khutu la chaka chino lanona bwanji! Inu muyenera kuti mumamva ndi nyerere zomwe zikamayenda."

"Tseka pakamwa, Turat."

"Mukanamawasunga makutu onsewa, bwenzi pano mutasoketsa chikhoti."

"Ndati tseka pakamwa. Ata akumva." Kwathu bambo timawaitana kuti Ata, mayi kuti Apa.

"Ata samva, sanadyeko khutu chiyambire nkhondo."

A Mambet anamwalira m'nyengo ya chisanu, m'mawa, atamaliza tiyi wawo. A Toktobek sanalire pamalirowo. Nthawi yolira inalibe malo: panali kavalo woti aphedwe, alendo oti alandiridwe, manda oti akumbidwe m'nthaka youma gwa. Mitu ya nkhosa za pamaliro inapita kwa alendo, monga mwa mwambo. Kumaphwando a m'mudzi kunali nkhalamba zina zowaposa. Ndiye mutu wawo woyamba unayenera kukhala wa pa Ait, pakati pa ana awo. Kutatsala mwezi wathunthu, anatenga kampeni ka nyanga kaja, anakanola, anakakulunga m'kansalu, n'kukaika m'thumba la m'kati la jekete yawo ya kuukwati.

Ndiye Ermek anaimba foni.

"Ata, chaka chino bwerani inuyo kuno. Agogo kulibe, palibenso chifukwa choti tonse tizipanikizana m'galimoto. Nyumba yatsopanoyi simunadyeremo. Mubwere ndi Apa, mutengenso bambo aang'ono."

"Nanga nkhosa? Uiphera pati, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi? M'bafa?"

"Zimenezo n'zakale, Ata. Kuli anthu ake. Umangodina pafoni, iwo amapha m'dzina lako, mapemphero onse amachita, gawo la osauka amakapereka okha, lathu amabweretsa pakhomo."

A Toktobek anakhosomola kawiri. "Ibwera yonse?"

"Yonse imene timadya, Ata. Yotsuka, yoduladula. Apa sakhudza madzi ozizira."

"Chabwino," anatero, n'kudula foni.

A Kalicha, amene anamva zonse ali pa mbaula, anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"Bambo a Ermek, bwanji osangomufunsa mwanayo?"

"Ndimufunse chiyani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa kanthu ine. Tiyiyu wazizira."

Anapita ku Bishkek kutatsala tsiku limodzi, atatuwo, a Turat akulangiza dalaivala wa minibasi njira yonse. M'mawa wa Ait amuna anapita kokapemphera. Atangobwerako, belu linalira, ndipo panalowa munthu wovala yunifomu yoyera atanyamula matumba a pulasitiki. A Toktobek anaima m'kanjira kolowera, akunamizira kufuna masilipasi, maso ali pa matumbawo. Munthu amene wakhala ndi nkhosa moyo wake wonse safunika kumasula thumba. Ili linali la nthiti, ili la miyendo, ili la mchira wa mafuta. Lozungulira panalibe.

A Turat, monga mwa khalidwe lawo, anafunsa mokweza.

"Ermek mwanawe, nkhosa za ku Bishkek zimayenda zopanda mitu?"

Ermek anaseka. "Panali pochonga, bambo aang'ono, mutu ndi ziboda, koma ine sindinachonge. Tikanauwaulira kuti? Pakhonde? Anansi akanatiitanira ozimitsa moto. Komanso amadya ndani? Ana amathawa akangouona. Zija tinkachitira agogo."

"Wachita bwino," anatero a Toktobek. "Fungo lake silituluka m'makatani."

Anatuluka n'kukaima pakhonde, kakhonde kamene munthu akatembenuka amagunda zovala zoyanika. Pansi patali magalimoto ankaoneka ngati nkhupakupa. Anakwiya, ndipo anachita manyazi kuti akwiya. Ermek sanali mwana woipa. Chibadwire chake anali asanaonepo bambo ake atagwira mutu, ndiye kwa iye mutu unali chinthu cha agogo, monga ndodo yawo ndi chipewa chawo choyera, zinthu zopita ndi mwini wake. Akanamuuza bwanji? Munthu wa zaka 67 angaime pamaso pa mwana wake n'kunena kuti, ine ndimadikira? Kampeni kaja kankawagunda pachifuwa akamapuma. Anaganiza zokasiya m'sutikesi kuti wina asakaone.

Ali pomwepo anamva mawu a akazi awo kukhitchini. Sanamve zimene ankanena, koma anali mawu aja otsika amene a Kalicha ankalankhula akafuna kuti munthu asadzaiwale. Chitseko cha khitchini chinatsekedwa. Patapita kanthawi makiyi analira, ndipo Gulbara anasuzumira pakhonde atavala kale nsapato.

"Ata, ndikukagula buledi."

Buledi anali mulu patebulo. A Toktobek anangogwedeza mutu. Mpongoziyu sankamuwerengera kwenikweni. Anali mwana waulemu, wogwira ntchito ku banki, koma m'maganizo mwawo ndiye anabweretsa mapaketi m'banjamo. Zaka zonsezi a Mambet akamupatsa kanyama ka m'kamwa kaja, iye ankathokoza, kukakulunga m'kapepala mobisa, n'kukaponyera galu kuseri. A Toktobek ankamuona koma sanamuululepo.

Chakudya chinayenera kukhala cha masana. Wani koloko inakwana, thu koloko inadutsa. Zidzukulu zinapatsidwa pitsa kuti zisiye kulira njala. A Turat anagona pa sofa pakamwa pali yasa. Gulbara anabwera, analowa kukhitchini mothamanga, ndipo posakhalitsa poto wotseka ndi zomangira anayamba kulira ngati sitima. Cha m'ma fili koloko, kafungo kena kanadutsa pansi pa chitseko n'kufika pakhonde. Kanali kafungo ka ubweya wopserera.

A Toktobek anakadziwa. Anatekeseka ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Anakhala pansi, anaimirira, anakonza kolala, kenaka anayamba kuwerenga mosamala pepala la malangizo a makina ochapira limene linali pawindo, kuti wina akatulukira awapeze ali otanganidwa.

Ermek anakankhira tebulo kukhoma ndipo anayala nsalu pansi, monga kumudzi. Panali nkhuku ziwiri zowotcha mu uvuni, saladi ya a Kalicha, saladi ina yamasamba okhaokha imene a Turat anati ndi chakudya cha odwala awo a achimwene, timandasi togula, keke, ndi beshbarmak ya timizere ta m'paketi. A Toktobek anawalozera pamalo aulemu, kutali ndi chitseko. Anakhala, koma osati pakati penipeni. Anasendera pang'ono kumanzere, n'kusiya mpata wa munthu mmodzi kudzanja lawo lamanja. Palibe anazindikira, ngakhale iwo eni.

Atamwa msuzi, Gulbara analowa ndi mbale yaikulu. A Kalicha anagwira pakamwa.

"Mayo ine, mwanawe! Nsagwada ya m'munsi sunachotse? Mano onsewa?"

"Kumsika anandipatsa choncho, Apa. Unatsala umodzi wokha, ndinachita kulimbirana ndi mayi wina."

Mutuwo unalidi ndi mano ake onse, ukuseka aliyense m'chipindamo. Kwathu mutu sufika choncho pamaso pa munthu wamkulu. Koma unali utafika. Gulbara anawerama, nkhope ili psuu, n'kuupereka ndi manja awiri.

A Toktobek anaulandira ndi manja awiri. Ndipo manjawo, amene anachita chinthu chimodzimodzi kwa zaka zonse zija, sanadikire kuuzidwa. Anatembenukira kumanja, anaweramitsa mutu pang'ono, n'kutambasula mbaleyo pa mpata uja.

Mbale inakhala m'malere. Ermek anayang'ana pansi. A Turat, amene moyo wawo wonse sanalankhulepo motsitsa, analankhula motsitsa.

"Achimwene. Kulibe munthu uko."

Zaka zonse zija a Toktobek ankaganiza kuti tsiku limene mbaleyo idzaime pa iwo adzamva kukula. Sanamve kukula ayi. Chimene anamva n'choti bambo awo anamwaliradi. Pamaliro sanazimve, pometa ndevu m'mawa uliwonse popanda wina womumeta sanazimve, koma apa, atanyamula mbale yopanda woilandira, anazindikira kuti ndi mwana wamasiye. Anaopa kuti alira pamaso pa mpongozi.

Anatsitsa mbaleyo pang'onopang'ono n'kuiika patsogolo pawo. Pofuna pobisa maso, anachita zimene ankadziwa: anagwira nsagwada ija, anaiyasamitsa, nayang'ana mano.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero, mawu ali osasa. "Akubera, mwana wanga. Iyi inali agogo a nkhosa zonse za mu Bishkek."

A Turat anaphulika kuseka, ndipo onse anatsatira, ngakhale Gulbara amene misozi inali italengeza kale. A Toktobek anapisa dzanja m'jekete, anatulutsa kansalu kaja, anakamasula. Ermek atakaona kampeni ka agogo ake, kakunyezimira chifukwa chonoledwa, anasiya kuseka. Anayang'ana kampeniko, anayang'ana bambo ake, ndipo anamvetsa zimene sanachonge pafoni paja.

"Ata, ine sindimadziwa kuti..."

"Bweretsa mbale yako."

Nkhosayo inali yolimba, koma mpeni unkadziwa njira. Anayamba ndi tsaya, n'kutumiza kwa a Kalicha. Kanyama ka m'kamwa anakapereka kwa Gulbara.

"Kuno kulibe galu, mwana wanga. Uona wekha chochita."

Gulbara anatsegula maso kwambiri, kenaka anatsinzina, anakaponya m'kamwa, anameza, n'kumwera tiyi kapu yonse. Diso analigawa pakati, theka kwa Ermek, theka m'mbale yawo.

"Kuti tizionana. Msewu wa ku Kochkor sunatsekedwe chifukwa agogo ako apita."

Kenaka anadula khutu lakumanja. Analigwira kanthawi pansonga ya mpeni, n'kuliponya m'mbale ya Ermek.

"Nali khutu, uzimva."

Mawuwo anatuluka ndi kakhosi komwe ka a Mambet, mwakuti a Kalicha anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. Khutu lakumanzere linapita kumene linkapita nthawi zonse.

"Iwe Turat sunayambebe kumva. Nali."

"Zikomo, akuluakulu," anatero a Turat, ndipo aka kanali koyamba kuwatcha choncho.

Phokoso linabwerera. Mafoloko analira, zidzukulu zinalimbirana ntchafu ya nkhuku, a Kalicha anayamba kufotokozera mpongozi wawo mmene amachotsera nsagwada. A Toktobek anayang'ana m'mbale yawo. Munali theka la diso, bongo, ndi nyama yofewa ya tsaya linalo, zonse zabwino zimene kwa zaka makumi asanu ndi limodzi ankazionera m'mbale ya bambo awo. Anatola kanyama, anakabweza. Nkhosa ili ndi makutu awiri okha, ndipo onse anali atapita. Panalibenso munthu padziko lapansi woti awaponyere khutu ndi kuwauza kuti azimva.

Anakhala choncho, manja ali pa mawondo, chakudya chikuzizira.

A Turat anawayang'ana cham'mbali. Sananene nthabwala. Anatambasula dzanja, anatenga kampeni ka nyanga kaja popanda kupempha, anadula khutu lawo pakati, n'kuika theka m'mbale ya akulu awo.

"Nali," anatero. Mawu otsatirawo anawakanika.

A Toktobek analitola ndi zala n'kuliika m'kamwa. Linali monga mwa masiku onse, chikopa ndi kafupa, lolimba kuposa onse amene anadyapo chifukwa nkhosayo inali nkhalamba. Ena onse anamaliza beshbarmak, anadula keke, Gulbara anabweretsa tiyi wina. Iwo anali akutafunabe, ndipo sankafuna kumeza.